Aphunzitsi a mpira ku Saint John's: koleji ya amonke yomwe idasunga munthu mmodzi zaka 60

Pa 8 November 2003 kunkazizira koopsa ku Collegeville, kamudzi ka m'chigawo cha Minnesota ku America, komabe anthu 13,107 adathithikana pabwalo la Clemens Stadium. Timu ya Saint John's University idagonjetsa Bethel ndi mapointi 29 kwa 26, ndipo kupambana kumeneko kudali kwa nambala 409 kwa mphunzitsi wake, John Gagliardi, bambo wa zaka 77. Panalibe mphunzitsi wa mpira wa m'makoleji a ku America amene adafikapo pamenepo. Amene ankatsogola mpaka tsikulo adali Eddie Robinson wa ku Grambling State, yemwe adapuma ntchito mu 1997 atapambana masewero 408.

Chimene chimandikoka pa nkhaniyi si nambalayo. Saint John's ndi sukulu yaing'ono ya anyamata okhaokha, osafika 2,000, yomangidwa pakati pa nkhalango ndi tinyanja, ndipo eni ake ndi amonke a chipani cha Benedikito Woyera. Osewera ake salandira kalikonse chifukwa chosewera. Ndipo mphunzitsi amene adaposa anzake onseyu ankaletsa anyamata ake kugwetsana pansi pokonzekera masewero, pomwe mpira wake phata lake ndi kugwetsana kumene. Kuti timvetse momwe zoterezi zidathekera, tiyenera kuona mpirawo, sukuluyo, ndi anthu amene adamutsogolera pa mpandowo.

Mpira umene tikukamba pano si wa miyendo umene timaudziwa. Ndi uja wosongoka mbali zonse ziwiri, wosewera anthu ovala zipewa zolimba ndi zotchinjiriza mapewa. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, mwina pothamanga nawo m'manja kapena pouponya kwa mnzawo, ndipo ikakwanitsa imapatsidwanso mwayi wina kanayi. Ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo yagoletsa touchdown, yomwe ndi mapointi 6. Kuumenya ndi phazi kuti udutse pakati pa mapolo kumapatsa mapointi 3. Mbali inayo ntchito yake ndi kugwetsa pansi yemwe wanyamula mpira. Masewero amaima kawirikawiri, ndipo akamayambiranso aliyense mwa anthu 11 aja amakhala atauzidwa kale poti aime, woti amutchinge ndi koti athamangire. Ichi ndicho chifukwa chake mphunzitsi ali ndi mphamvu zambiri pa mpira umenewu kuposa pa mpira wa miyendo. Pafupifupi chilichonse chochitika m'bwalo chimakhala chidakonzedwa pakati pa sabata.

Ku America mpira wa m'makoleji udagawidwa m'magulu. Pamwamba pali Division I, komwe mabwalo ena amalowa anthu oposa 100,000, aphunzitsi amalandira mamiliyoni a madola pachaka, ndipo mnyamata waluso amaphunzira ulere chifukwa cha mpira. Kumeneko mphunzitsi akaluza zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana amayamba kulongedza katundu. Pansi penipeni pali Division III, yomwe NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, lidakhazikitsa mu 1973. M'gulu limeneli nkoletsedwa kulipirira wophunzira fizi chifukwa cha masewero. Mnyamata akatopa ndi mpira amangousiya, sukulu nkumapitiriza, osataya kanthu. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kwambiri pa nkhani yonseyi. Mphunzitsi wa timu yotere alibe chikwapu. Sangaopseze munthu kuti amulanda fizi. Anyamata amabwera pabwalo madzulo aliwonse chifukwa akufuna okha.

Saint John's idayamba mu 1857, itakhazikitsidwa ndi amonke olankhula Chijeremani amene adabwera kudzatumikira alimi Achikatolika obwera kuchokera ku Ulaya. Mpira udayamba kuseweredwa pasukulupa mu 1900, ndipo mu 1920 sukuluyi idali imodzi mwa zomwe zidayambitsa ligi ya makoleji ang'onoang'ono a ku Minnesota, yotchedwa MIAC. Zaka zoyambirirazo sizidali zosangalatsa kwenikweni. Munthu woyamba kuika timuyi pamalo olemekezeka adali Joe Benda, yemwe adaphunzira mpira ku yunivesite ya Notre Dame pansi pa Knute Rockne, mphunzitsi wotchuka kwambiri wa nthawi imeneyo. Benda adafika mu 1930 ndipo adatenga ligi mu 1932, 1935 ndi 1936. Benda atabwerera ku Notre Dame kukakhala wothandizira, George Durenberger adagwira timu kuyambira 1937 mpaka 1940 ndipo adatenga ligi mu 1938. Durenberger yemweyu adakhala mkulu wa zamasewero pasukulupa kwa zaka zambiri, ndipo mwana wake David adadzakhala senata wa Minnesota. Benda adabwereranso mu 1941, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idadukiza masewero, ndipo iye adamwalira mu 1950 asadatengenso chikho.

Amene adalowa m'malo mwake adali munthu wa dzina lalikulu: John McNally, wodziwika ndi dzina loti Johnny Blood. Uyu adaphunzirapo pa Saint John's ali mnyamata, kenako adakasewera mpira wolipidwa ndipo adatenga zikho zinayi ndi Green Bay Packers. Mu 1963 adali m'gulu loyamba la osewera amene adaikidwa mu Pro Football Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a mpira wolipidwa. Koma luso la m'miyendo silisamukira lokha m'mutu mwa ophunzira. Pa zaka zitatu, 1950 mpaka 1952, Blood adapambana masewero 13 nkuluza 9, zomwe sizoipa, koma chikho sichidabwere. Gagliardi ankakonda kusimba kuti pomwe ankafika, Blood adamuchenjeza kuti palibe munthu angapambane pa Saint John's, chifukwa amonke ankafuna zikho koma ndalama zoyendetsera timu sankatulutsa.

Wolandira chenjezoli adali ndi zaka 26 zokha, ndipo sadasewereko mpira wa pakoleji ngakhale tsiku limodzi.

John Gagliardi adabadwa pa 1 November 1926 ku Trinidad, tauni ya migodi ya malasha ku Colorado, kwa makolo ochokera ku Italy. Mu 1943, ali ndi zaka 16, mphunzitsi wa timu ya sekondale yake, Trinidad Catholic, adaitanidwa kunkhondo. Sukulu idaganiza zongothetsa mpira. Gagliardi, yemwe adali kaputeni, adapempha kuti ayendetse timuyo yekha uku akusewera, ndipo adaloledwa. Apa ndi pomwe padachokera zonse zimene adadziwika nazo pambuyo pake. Mnyamata wa zaka 16 sangakalipire anzake a m'kalasi limodzi ngati msilikali, chifukwa angomuseka kapena kumusiya yekha pabwalo. Choncho adayamba ndi kuchotsa zinthu zomwe iyeyo ndi anzake ankadana nazo. Masiku amenewo aphunzitsi ambiri ankaletsa osewera kumwa madzi pokonzekera masewero, pokhulupirira kuti madzi amafooketsa munthu. Iye adalola anzake kumwa. Adachotsa kuthamanga mozungulira bwalo kopanda cholinga, ndi masewero olimbitsa thupi otopetsa amene ankachitidwa mpira usadagwiridwe nkomwe. Timu idayamba kupambana. Adapitiriza kuphunzitsa masukulu a sekondale uku akuphunzira ku Colorado College, ndipo atamaliza mu 1949 adalembedwa ntchito ku Carroll College, sukulu ya Chikatolika ku Helena m'chigawo cha Montana. Kumeneko pa zaka zinayi adapambana masewero 24, kuluza 6, kufanana mphamvu kamodzi, ndi kutenga ligi katatu.

Chaka chake choyamba ku Collegeville, mu 1953, Saint John's idakhala pamwamba pa ligi, koyamba chichokereni 1938. Monga zimakhalira pa sukulu zazing'ono, ntchito yake sidali mpira wokha. Adaphunzitsanso timu ya hockey ya pa madzi oundana kwa zaka zingapo komanso ochita mipikisano yothamanga.

Njira yake idadzadziwika ndi mndandanda wa zinthu zoletsedwa, womwe udakula chaka ndi chaka mpaka kupitirira 100. Pabwalo lokonzekera padalibe wezulo. Padalibe zitsulo zolemera zija zomwe osewera a matimu ena amakankha ndi mapewa pophunzira kutchinga. Kunyamula zitsulo sikudali kokakamiza. Kukonzekera sikunkapitirira mphindi 90, ndipo kukagwa mvula kapena tizilombo touluka tikachuluka, ankalowa m'nyumba kapena kuweruka. Palibe amene ankachotsedwa m'timu chifukwa chosowa luso, moti anyamata ankaposa 150, ndipo manambala a pa jezi ankatha mpaka awiri kumavala nambala imodzi. Aliyense wa m'chaka chomaliza adali kaputeni, ndipo Gagliardi ankati akufuna aliyense adzathe kulemba zimenezo pa kalata yofunsira ntchito. Osewera sankaloledwa kumutchula ndi dzina la udindo wake. Ankafuna azingoti John, chinthu chomwe kwa ife amene tidakula tikuopa kutchula dzina la munthu wamkulu chimamveka chachilendo, ndipo ngakhale ku America komweko, m'mpira umenewu, chidali chachilendo ndithu.

Ngakhale masewero otenthetsa thupi adawasandutsa nthabwala. Matimu ena amafola mizere nkumadumpha mofuula ngati asilikali. A Saint John's ankagona chagada pa udzu, kuyang'ana kumwamba, nkumauzana kuti kunja kwacha bwino. Wina amene akuonera koyamba akadaganiza kuti anyamatawa sadabwerere mpira.

Koma choletsa chachikulu pa zonse chidali kugwetsana. Kuti tione kulemera kwake, tikumbukire momwe mpira umenewu unkaphunzitsidwira m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Aphunzitsi ambiri adali atachokera kunkhondo, ndipo ankakhulupirira kuti wosewera amaumbidwa ndi ululu. Anyamata ankawombanitsidwa mitu Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi kuti adzakhale olimba Loweruka. Gagliardi adaona zosiyana. Adaona kuti osewera ake abwino ankavulazidwa ndi anzawo a timu imodzi pakati pa sabata, tsiku la masewero nkumaonerera ali ndi ndodo zoyendera. Sukulu yaikulu ikataya wosewera wabwino imatulutsa wina wofanana naye. Sukulu yaing'ono ilibe wina. Ankatinso mnyamata amene wafika pakoleji atasewera zaka zinayi ku sekondale kugwetsa munthu amakudziwa kale, ndipo chimene amasowa ndi kukhala pamalo oyenera pa nthawi yoyenera. Choncho mphindi 90 zija zinkathera pa chinthu chimodzi: kubwereza njira zomwe adzagwiritse ntchito Loweruka, mobwerezabwereza ndiponso mofulumira, anthu 11 mbali ino ndi 11 mbali inayo, wotchinga akafika pa wonyamula mpira nkungomukhudza, osamugwetsa. Pa nthawi yomwe timu ina yachita zowombana kakhumi nkumadikira ogwa adzuke, a Saint John's ankakhala atabwereza njira zawo kambirimbiri.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa pomufotokoza munthuyu. Amamuona ngati gogo wofatsa amene ankangosiya ana azisewera. Sizidali choncho. Gagliardi ankadana ndi kuluza kwambiri, ndipo ankathera maola ochuluka akuonera mafilimu a masewero, a timu yake ndi a adani, kufunafuna kabowo kakang'ono. Zimene adachotsa ndi zomwe adaona kuti sizithandiza kupambana. Ndikaganizira bwino, uku ndi kulimba mtima kwakukulu kuposa kukalipa, chifukwa mphunzitsi amene amazunza osewera akaluza anthu amati mwina anyamata ndi aulesi, koma amene amawaweruka msanga akaluza, mlandu wonse umagwera iye. Gagliardi adasenza chiopsezo chimenecho zaka 60. Iye mwini ankati akufuna anthu wamba ochita zinthu wamba mwaluso losaneneka, ndipo lamulo lomwe ankalitchula kuti ndilo lokhalo lidali lija la kuchitira mnzako zomwe ukufuna akuchitire.

Chikho choyamba cha dziko lonse chidabwera mu 1963, nthawi yomwe sukuluyi idali pansi pa NAIA, bungwe lina la masewero a makoleji ang'onoang'ono. Ndime yomaliza idaseweredwa ku Sacramento, ku California, ndipo adakumana ndi Prairie View A&M, koleji ya anthu akuda ya ku Texas. Nthawiyo kumwera kwa America kudali tsankho lokhazikika, moti mayunivesite aakulu a kumeneko sankalandira osewera akuda, ndipo aluso ambiri ankathera m'makoleji ngati Prairie View ndi Grambling. Timu ya Prairie View idali ndi Otis Taylor, yemwe adadzatchuka pa mpira wolipidwa ndi Kansas City Chiefs. Saint John's idapambana 33 kwa 27. Patatha zaka ziwiri, mu 1965, adatenganso chikhocho atagonjetsa Linfield 35 kwa 0. Mu 1976, ali kale mu Division III, adakumana ndi Towson State. Adatsogola 28 kwa 0, adaniwo nkubweza zonse mpaka 28 kwa 28, ndipo Saint John's idapulumuka ndi mpira womenya ndi phazi masekondi omaliza, nkupambana 31 kwa 28.

Kenako padadutsa zaka 27 popanda chikho cha dziko lonse.

Zaka zimenezi ndizo zimandiuza zambiri za sukuluyi kuposa za mphunzitsi wake. Timu sidali yofooka ayi. Inkatenga ligi kawirikawiri, ndipo ya mu 1993 inkagoletsa pafupifupi mapointi 61.5 pa masewero aliwonse a mu ligi ndi ena a m'chaka chimenecho, nambala yomwe idaswa mbiri. Koma ikafika m'ndime zomaliza za dziko lonse inkagwa. Mu 2000 idafika mu fainolo nkuluza kwa Mount Union 10 kwa 7. Kwina kulikonse mawu akadayamba kumveka oti njira zake ndi zachikale, bambo wakalamba, pakufunika magazi atsopano. Amonke sadamuchotse. Ndikuganiza kuti chifukwa chake chili m'moyo wawo womwe. Mmonke wa Benedikito amalumbira kuti adzakhala pa nyumba imodzi ya amonke moyo wake wonse, ndipo manda ake amakhala pomwepo. Anthu oterewa saona chachilendo munthu kugwira ntchito imodzi pamalo amodzi zaka 40 kapena 50. Nayenso Gagliardi ankakhala pasukulu pomwepo kwa zaka zambiri, ndipo pomwe dzina lake lidakula sadachoke kukafuna malo a ndalama zambiri. Zibambo amene adawaphunzitsa m'ma 1960 adamutumizira ana awo m'ma 1990. Imeneyo ndiyo idali njira yake yaikulu yopezera osewera popanda kulipira fizi ya aliyense: mabanja a m'matauni ang'onoang'ono a ku Minnesota ankadziwa kuti mwana wawo akapita kumeneko sakachotsedwa m'timu, sakatukwanidwa, ndipo akamaliza sukulu.

Chaka cha 2003 chidabweza ngongole zonse. Patatha milungu isanu ndi umodzi chiswereni mbiri ya Eddie Robinson, Saint John's idafikanso mu fainolo, yotchedwa Stagg Bowl, ku Salem m'chigawo cha Virginia. Adani adali Mount Union omwe aja, a ku Ohio, otsogozedwa ndi Larry Kehres, amene pa nthawiyo adali atapambana masewero 55 motsatizana. Kehres naye ndi chimphona m'mbiri ya makoleji ang'onoang'ono: kuyambira 1986 mpaka 2012 adatenga zikho za dziko 11 ndipo adangoluza masewero 24. Anthu ochepa kwambiri ndi amene ankapatsa mwayi Saint John's. Koma Blake Elliott, wosewera wawo wodalirika, adathamanga mayadi 51 kukagoletsa, ndipo Mike Zauhar adalanda mpira woponyedwa pakhomo penipeni pa golo lawo nkuthamanga nawo bwalo lonse, mayadi 100. Masewero adatha 24 kwa 6. Timu yosagwetsana pokonzekera idatsekereza timu yoopsa kwambiri m'gulu lawo pa mapointi 6 okha, ndipo idamaliza chakacho itapambana masewero onse 14. Elliott adalandira mphoto ya wosewera wabwino koposa mu Division III, yomwe kuyambira 1993 imatchedwa Gagliardi Trophy. Mu 2006 Gagliardi adaikidwa mu College Football Hall of Fame akadali pantchito.

Kukhalitsa kulinso ndi mtengo wake, ndipo sindikufuna kuubisa. Mdani wamkulu wa Saint John's kuyambira kalekale adali University of St. Thomas, sukulu ina ya Chikatolika yomwe ili mumzinda wa St. Paul, yaikulu komanso ya ndalama zambiri. Mu 2008 St. Thomas idalemba mphunzitsi wachinyamata, Glenn Caruso, yemwe njira zake zidali zosiyana kotheratu: kusakasaka osewera mwamphamvu, kuwalimbitsa matupi chaka chonse, ndi kuyendetsa timu ngati ya Division I. Posakhalitsa zinthu zidatembenuka. Mu 2011 St. Thomas idakwapula Saint John's 63 kwa 7. Chaka chotsatira timu ya Gagliardi idapambana masewero 5 nkuluza 5, zomwe pa sukulu yomwe sidathe chaka ndi kuluza kochuluka kuposa kupambana chichokereni 1967 zidali zowawa. Mpira wa m'makoleji ang'onoang'ono udali utasintha. Anyamata ankafika akuluakulu ndi amphamvu kuposa kale, ndipo nkovuta kutsutsa kuti kusiya zonyamula zitsulo m'manja mwa wosewera aliyense kudayamba kuwabweza m'mbuyo. Pa 19 November 2012 Gagliardi adalengeza kuti akupuma, ali ndi zaka 86. Pa Saint John's adapambana masewero 465, kuluza 132 ndi kufanana mphamvu 10, ndipo adatenga ligi ya MIAC ka 27. Kuphatikiza ndi za ku Carroll, adapambana 489, nambala yomwe palibe wayifikira mpaka pano.

Funso lovuta pa sukulu iliyonse yotere ndi la wolowa m'malo. Ukatenga munthu wakunja, amafuna kuonetsa kuti ndi wosiyana ndipo amagwetsa zomwe adazipeza. Ukatenga wa m'nyumba, amaopa kusuntha ngakhale mpando. Saint John's idasankha wa m'nyumba, Gary Fasching, yemwe adasewera pansi pa Gagliardi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nkukaphunzitsa sekondale ya Cathedral ku St. Cloud komwe adatenga zikho za chigawo mu 1992 ndi 1993, kenako nkubwerera kudzakhala wothandizira kwa zaka 17. Fasching adasunga mtima wa timuyo, kuphatikizapo gulu lalikulu la osewera ndi kupewa kuvulazana pokonzekera, koma adalimbikira kwambiri pa kusaka osewera ndi kulimbitsa matupi. Chaka chake chachiwiri, mu 2014, adatenga ligi. Mu 2018 adaitenganso, ndipo woponya mpira wake, Jackson Erdmann, adalandira Gagliardi Trophy. Mu 2019 timu idafika ndime yachiwiri kwa yomaliza ya dziko lonse, ndipo mu 2020 wosewera wake Ben Bartch adasankhidwa ndi Jacksonville Jaguars kukasewera mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wolipidwa, chinthu chosowa kwambiri kwa mnyamata wa Division III. Choncho kuyambira 1953 mpaka m'zaka za Fasching, mpando wa mphunzitsi wamkulu pa Saint John's wakhalidwa ndi anthu awiri okha.

Mkangano ndi St. Thomas udatha mwanjira yomwe palibe ankayembekezera. Mu 2017 matimu awiriwa adaseweretsa masewero awo pa Target Field mumzinda wa Minneapolis, ndipo anthu 37,355 adabwera kudzaonera makoleji awiri osalipira osewera. St. Thomas idapambana 20 kwa 17. Chaka chomwecho idagonjetsa St. Olaf 97 kwa 0, ndipo masukulu ang'onoang'ono a mu ligi adayamba kudandaula kuti mpikisano watha. Mu 2019 kudalengezedwa kuti St. Thomas ichotsedwa mu MIAC, ligi yomwe idathandiza kuyambitsa, ndipo mu 2021 idakwera kupita ku Division I.

Gagliardi sadaone mapeto amenewo. Adamwalira pa 7 October 2018 ali ndi zaka 91. Koma adakhala ndi moyo mokwanira kuona madokotala akutsimikizira zomwe iye ankachita popanda kafukufuku aliyense. M'zaka za m'ma 2000 adayamba kupeza matenda a mu ubongo otchedwa CTE mwa osewera akale amene adamwalira, matenda omwe amagwirizanitsidwa ndi kumenyetsa mutu mobwerezabwereza, ndipo kumenyetsa kochuluka kumachitikira pokonzekera, poti masiku okonzekera ndi ambiri kuposa a masewero. Buddy Teevens, mphunzitsi wa Dartmouth, adasiya kugwetsanitsa osewera ake pokonzekera cha m'ma 2010. Mu 2016 aphunzitsi onse asanu ndi atatu a Ivy League, ligi ya Harvard, Yale ndi Princeton, adagwirizana zoletsa kugwetsana pokonzekera m'kati mwa nyengo ya masewero. Pamene ankavota, ku Collegeville lamulo limenelo lidali litagwira kale ntchito zaka zoposa 50.